Pepala la Agogo ndi Buku la Stapleton

Ntchito yanga yoyamba yomasulira ndinaigwira ndili ndi zaka khumi, pakhonde la nyumba yaudzu mu komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ndipo ndinailakwitsa. Agogo anga aamuna anali ndi kachitini ka mabisiketi komwe ankasungiramo zinthu zitatu: chitupa chakale, mamendulo awiri opanda kansalu kake, ndi pepala lopindidwa kanayi lomwe analandira mu 1946 potuluka m'gulu la asilikali la Rhodesian African Rifles. Tsiku limenelo anandiitana nati, "Iwe wa kusukulu, tandiwerengera apa." Chala chawo chinaloza mzere umodzi, pomwe mkulu wa asilikali analemba chigamulo chake pa khalidwe lawo. Panali liwu limodzi lokha: Indifferent. Ine ndinkadziwa kuti different ndi kusiyana, ndipo aphunzitsi anali atatiuza kuti in- akakhala kutsogolo kwa liwu amalitembenuza. Ndiye ndinayankha mosajejema: "Akuti inu simunali osiyana ndi anzanu, agogo." Anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi ako ngachifundo," anatero, n'kubweza pepalalo m'chitini.

Patapita zaka ndinazindikira zomwe iwo ankadziwa kale ngakhale sankawerenga Chingerezi. Pa mwambo wa asilikali a Britain, khalidwe la munthu wotuluka usilikali linkaikidwa pa makwerero: pamwamba penipeni Exemplary, kenako Very Good, Good, Fair, ndipo pansi pa zonsezi Indifferent, lomwe linkangotsala phazi limodzi kuti lifike pa Bad. Si liwu lotukwana. Limangonena mwaulemu kuti munthuyu sitikumuthamangitsa ngati mbava, koma inu amene mudzakumane naye musamudalire. Mzungu aliyense wolemba anthu ntchito ankalimva bwinobwino.

Monga ankafotokozera eni ake, nkhaniyi inayambira pa maliro. Mu 1943, gulu lawo lisananyamuke ulendo wa ku Kenya, anapatsidwa masiku okatsanzika abale. Masikuwo anawawerenga poganizira munthu wa ku Mrewa kapena wa ku Fort Victoria, amene akachoka m'mawa amakagona kwawo mawa lake. Kwawo kwa agogo kunali ku Ntcheu. Njira yake inali yodzera ku Mtoko, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kukwera mitunda ya Angonia, mbali yaikulu wapansi. Anafika n'kupeza mayi awo ali gone pamphasa. Anadikira, anaika maliro, n'kubwerera ku Halale atachedwa ndi masiku khumi ndi limodzi. Anatsekeredwa, anadulidwa malipiro, ndipo chilango chitatha ananyamuka ndi anzawo. Ku Burma anakafika, ndipo pa nkhondo ya ku Tanlwe Chaung mu April 1945 analipo. Zonsezi papepalapo palibe.

Chandibwezera ku kachitini kaja ndi buku la Timothy Stapleton, katswiri wa mbiri ya nkhondo wa ku Canada, lotchedwa African Police and Soldiers in Colonial Zimbabwe, 1923–80, lomwe linatuluka mu 2011. Ndaliwerenga pamodzi ndi linzake loyamba, No Insignificant Part, la mu 2006, lokamba za Rhodesia Native Regiment pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndinene poyera kuti ndinawatsegula mabukuwa ngati mdzukulu wofuna agogo ake, osati ngati wophunzira wosakondera mbali, ndipo owerenga aweruze mawu anga akudziwa zimenezo.

Choyamika chilipo, ndipo n'chachikulu. Kwa zaka zambiri munthu wakuda amene anavala yunifolomu ya atsamunda ku Rhodesia ankakambidwa m'njira ziwiri zokha. Mabuku a azungu akale a gululo ankamujambula ngati msilikali wokhulupirika, womwetulira, wokonda kuyimba pa perete. Mbiri ya chipani cholamula inkamutcha wogulitsa mtundu, basi nkhani yathera pomwepo. Stapleton akukana zonse ziwiri. Akufunsa mafunso amene munthu angafunse za mbale wake: analowa chifukwa chiyani, ankalandira zingati, mkazi wake ankakhala bwanji mu kampu, ana ankaphunzira kuti, ankadandaula zotani ndipo ankadandaulira ndani. Akugwiritsa ntchito makalata ndi nkhani zomwe apolisi akuda ankalemba okha m'magazini yawo ya Mapolisa, nyuzipepala za anthu akuda za nthawiyo, ndi zokambirana ndi amene anali moyo. Munthu ukamawerenga umamva mawu a anthu amene ankadziwa kuti akuponderezedwa, koma ankawerengeranso za fizi ya ana ndi penshoni.

Buku la 2006 lili ndi mphatso yapadera kwa ife olankhula Chichewa. Stapleton atafufuza m'kaundula wa Rhodesia Native Regiment, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1916, anapeza kuti ambiri mwa asilikali ake sanali obadwira ku Southern Rhodesia. Anali alendo obwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi, ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Gulu lotchedwa ndi dzina la dziko lina linadzaza ndi ana a kwathu, amene anakamenyana ndi Ajeremani cha ku Songea pansi pa Brigadier Edward Northey, pafupi ndi nyanja yomwe ena a iwo anakulira m'mbali mwake. Aliyense amene amati machona ankangodziwa khasu ndi fosholo awerenge bukuli.

Koma pamene ndinafika pa mutu womwe ndinkaufuna kwambiri, wa otuluka usilikali ndi moyo wawo pambuyo pake, ndinaona kuti bukuli likupendekera mbali imodzi, ndipo chikulipendeketsa ndi zinthu zomwe zamangira bukulo. Ndani ankalemba kalata ku Mapolisa? Wapolisi wodziwa kulemba, wokhala m'tawuni kapena pa kampu, amene akuyembekezera kupuma ndi ulemu. Ndani amapezeka mosavuta kuti afunsidwe mafunso patapita zaka makumi asanu? Amene ali ndi nyumba ku Bulawayo kapena munda wogula, amene anzake a m'gulu amadziwa keyala yake. Stapleton sakubisa kupanda chilungamo komwe anthuwa anakumana nako, makamaka pa nkhani ya malo ndi ndalama poyerekeza ndi azungu. Koma mawu omveka kwambiri ndi a anthu amene mapepala awo anali oyera. Wotuluka ndi liwu loipa sankalemba kalata ku magazini ya bwana amene anamuipitsa. Ndipo ngati anali mlendo, wopanda mfumu kapena mudzi mu Rhodesia, malo amene ankatha kumulandira popanda mafunso ambiri anali pulazi. Akalowa mu komboni, mbiri ya asilikali imamutaya, ndipo mbiri ya antchito a m'mapulazi imamutola osadziwa kuti anali msilikali.

Apa pali kanthu kamene womasulira amakaona msanga kuposa wolemba mbiri, chifukwa ntchito yake imamukakamiza. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, discharge, lomwe limaphimba zinthu zambiri pansi pa bulangete limodzi. Wodwala wochira amatuluka m'chipatala ndi liwuli. Mkaidi amatuluka nalo m'ndende. Msilikali wa mendulo ndi msilikali wochotsedwa mwamanyazi onse amapatsidwa pepala la dzina lomweli. Chichewa sichilola ulesi wotere. Ndikafuna kumasulira mutu wa pepala la agogo ndiyenera kusankha: kodi anapumitsidwa, anamasulidwa, anatulutsidwa, anachotsedwa, kapena anapirikitsidwa? Liwu lililonse likunena kale amene walakwa. Kupumitsidwa kuli ndi ulemu, ngati kwa mphunzitsi wokalamba. Kumasulidwa kukuvomereza kuti munthuyo anali womangidwa, zomwe boma silikanafuna kusayinira. Kuchotsedwa kumabweretsa funso lakuti analakwa chiyani. Agogo eni ake sankagwiritsa ntchito lililonse mwa amenewa. Ankati, "Nkhondo itatha anatisiya." Ndayesa kubweza chiganizochi m'Chingerezi kangapo, koma chimatuluka chopanda mano, chifukwa kusiya kwathu kumagwira zonse ziwiri, kumasula dzanja ndi kutaya munthu panjira.

Chinthu chachiwiri chomwe liwuli limaulula ndi chimene ndikadakonda kuti Stapleton achitsate mpaka kumapeto. Mawu a papepala la msilikali ndi omwewo amene ankalamulira wantchito wa papulazi. Lamulo la Masters and Servants la mu 1901, lomwe linagwira antchito a m'mapulazi mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, linkati kuchoka pantchito nthawi isanakwane ndi mlandu wa kukhoti, ndipo mlanduwo unkatchedwa desertion, dzina lomwelo la mlandu wa msilikali wothawa. Munthu ankagwira ntchito ya tikiti, masiku makumi atatu ochongedwa limodzilimodzi, ndipo pochoka bwana ankayenera kusayina pa chitupa kuti wamumasula. Popanda siginechayo, kwina sukanalembedwa. Choncho agogo atavula yunifolomu n'kulowa mu komboni, chinenero chowaweruza sichinasinthe. Anangosintha munthu wogwira cholembera.

Charles van Onselen, m'buku lake Chibaro la mu 1976, anaonetsa mmene antchito a m'migodi ya Rhodesia ankathanirana ndi mapepala otere: kuwataya, kuwasintha mwachinyengo, kutenga dzina lina n'kukayambiranso kwina. Ndimaona kuti limeneli ndilo linali bwalo lokhalo la apilo lomwe munthu wakuda anali nalo, bwalo la moto ndi dzina latsopano. N'chifukwa chake ambiri a ife tili ndi maina a makolo amene kumudzi sawadziwa. Koma msilikali njira imeneyi inali yotsekeka kwa iye. Akawotcha pepala loipalo, wawotchanso umboni wokhawo wakuti anapita ku Burma. Nambala yake, mamendulo ake, ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina boma lidzakumbuka, zonse zinali pa pepala lomwelo lomwe linkamunyoza. Ndiye ankalisunga, kuliteteza ku chiswe ndi mvula.

Pulazi yomwe agogo anakalowa mu 1947 inali yatsopano, mitengo isanathe kuzulidwa. Inali nthawi imene fodya wa ku Rhodesia anakwera mtengo chifukwa Britain, posowa madola ogulira fodya wa ku America, anatembenukira ku maiko ake. Boma linali ndi ndondomeko yopereka malo ndi ngongole kwa azungu obwera kunkhondo, ndipo madera ngati Karoi anadzaza ndi alimi otere. Ku Rhodesdale, anthu akuda masauzande anasamutsidwa cha m'ma 1950 kupita ku Gokwe ndi ku Sanyati kuti malo apezeke. Manja olimira ankachokera kumpoto, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi. Mpaka lero akuluakulu amanena mwachidule kuti mzungu anapatsidwa pulazi, wakuda anapatsidwa njinga. Mu 2019 mtolankhani Jack Losh anaulula chikalata cha mu 1945 chokhudza magulu a kum'mawa kwa Africa, momwe munali a King's African Rifles a ku Nyasaland: msilikali wamba wachizungu ankalandira ndalama yothokoza ya mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira atatu ndi theka.

Mwini pulaziyo nayenso anali wobwera kunkhondo. Agogo anaganiza kuti msilikali amva msilikali mnzake, ndipo anatulutsa pepala lija kuti apemphe ukapitawo. Mzunguyo analiwerenga, anawayang'ana, n'kuwabwezera osanena kanthu. Ukapitawo unapita kwa wina. Iwo anapatsidwa ntchito yosonkhezera moto m'nyumba zowotchera fodya, ntchito yosagona usiku, yomwe ukangowodzera pang'ono fodya wa nyumba yonse wapsa. Anaigwira zaka zoposa makumi atatu. Ndimadzifunsa kuti munthu wosadalirika angapatsidwe bwanji ntchito imene chuma chonse cha pulazi chimadalira, koma zimenezi ndi zoganiza za mdzukulu. Blair Rutherford, amene anafufuza moyo wa antchito a m'mapulazi a ku Hurungwe m'buku lake Working on the Margins la mu 2001, anatcha ulamuliro wa kumeneko boma la pakhomo: mlimi ndiye mfumu, woweruza ndi wosunga kaundula, ndipo malamulo a dziko amathera pageti. Mabuku awiriwa, la Stapleton ndi la Rutherford, amakamba za amuna amodzimodzi nthawi zina, koma sakumana pena paliponse. Wina amathera pageti la kampu, wina amayambira pageti la pulazi.

Tsono pepala lotere angalikonze ndani? Kwina kumachitika. Ku United States, lamulo la mu 1944 linakhazikitsa mabwalo ounikanso mmene msilikali anatulutsidwira, ndipo mu 1946 panabwera mabwalo ena okonza zolakwika m'kaundula wa asilikali. Amayenda pang'onopang'ono ngati nkhono, komabe amayenda. Mu November 2023 gulu lankhondo la dzikolo linafafaniza zigamulo za asilikali akuda 110 amene anaweruzidwa pambuyo pa zipolowe za ku Houston mu 1917, omwe 19 mwa iwo ananyongedwa, ndipo linalamula kuti kaundula aonetse kuti anatuluka mwaulemu. Britain mu 2006 anakhululukira asilikali 306 amene anawomberedwa ndi gulu lawo lomwe pa nkhondo yoyamba pa milandu ngati mantha ndi kuthawa. Ngakhale France, amene pa 1 December 1944 anawombera asilikali ake a ku West Africa pa kampu ya Thiaroye pafupi ndi Dakar chifukwa chofunsa malipiro awo otulukira usilikali, anavomereza mu 2024 kuti chinali chiwembu chopha anthu ambiri, patatha zaka 36 chitulukireni filimu ya Ousmane Sembène ndi Thierno Faty Sow ya Camp de Thiaroye.

Sindikufuna kutamanda maiko amenewa mopitirira. Kukonza pepala la munthu amene unamunyonga zaka zana zapitazo n'kotsika mtengo. Koma pa zitsanzo zonsezi pali chinthu chimodzi chofanana: dziko limene linalemba pepalalo likadalipo, lili ndi khomo lomwe mdzukulu angagogode, ndipo likhoza kuchita manyazi. Pepala la agogo linalembedwa ndi Southern Rhodesia, dziko lomwe kulibenso. Anamenyera nkhondo mfumu ya ku Britain, koma boma la Britain limakonda kunena kuti ngongole za atsamunda zinasamukira ku maboma atsopano pa tsiku la ufulu. Mfundo imeneyi anaibweretsa ngakhale pa mlandu wa okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau, mpaka khoti la ku London linakana kuthetsa mlanduwo mu 2011 ndipo mu 2013 boma linavomera kulipira anthu 5,228. Ku Malawi, mwezi wa November tikamavala maluwa ofiira ndi kukumbukira okalamba a ku Zomba, maso athu amakhala pa a KAR. Mwana wa ku Ntcheu amene analembetsa ku Halale sakhala m'ndandanda umenewo.

Kwatsala Zimbabwe, kumene anakhala zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ndi kumene anaikidwa. Kumeneko kuunika mbiri ya omenya nkhondo si nkhani yachilendo, ndi ntchito yomwe sinathepo chiyambire 1980. Norma Kriger analemba buku lonse, Guerrilla Veterans in Post-War Zimbabwe, losonyeza mmene kutchedwa womenyera ufulu kunasandukira chuma cholimbirana kuyambira pa ndalama zotulutsira anthu usilikali, madola 185 pamwezi kwa zaka ziwiri. Lamulo la War Veterans la mu 1992 linaika malire omveka: woyenera ndi amene anaphunzitsidwa zankhondo n'kumenya nawo nkhondo ya ufulu pakati pa 1 January 1962 ndi 29 February 1980. Mu 1997, omenyera ufulu motsogozedwa ndi Chenjerai Hunzvi atakakamiza boma, aliyense anapatsidwa madola 50,000 ndi penshoni ya 2,000 pamwezi, ndipo pa 14 November chaka chomwecho ndalama ya dzikolo inagwa tsiku limodzi mochititsa mantha. Chaka chomwechonso komiti ya woweruza Godfrey Chidyausiku inafufuza thumba lolipira ovulala pankhondo, pomwe akuluakulu ena oyenda bwinobwino anali ndi mapepala onena kuti ndi olumala pafupifupi thupi lonse. Mapepala amakonzedwa ndithu ku Zimbabwe. Funso ndi lakuti a ndani.

Sindikunena kuti agogo ankayenera kulandira nawo ndalama za 1997. Nkhondo yawo inali ina, ndipo gulu lomwe anatumikira linadzamenyana ndi omenyera ufulu m'zaka za m'ma 1970. Iwo ankadziwa zimenezi kuposa ine. Nkhondo italowa m'mapulazi a kumpoto, kuyambira pamene pulazi ya Altena ku Centenary inawomberedwa pa 21 December 1972, kachitini kaja anakakwirira pansi pa mphasa yawo, ndipo kanakhala m'dothi zaka zisanu ndi ziwiri. Mu komboni munthu ankakhala pakati pa moto uwiri: masana bwana ndi asilikali a boma akufunsa amene wapereka chakudya, usiku anyamata akufunsa amene wapereka lipoti. Pepala lililonse lokhala ndi chidindo cha gululo likanatha kuwaphetsa, ndipo palibe amene akanataya nthawi kuwerenga mzere wa khalidwe. Mayi anga amati nthawi ina agogo anaseka n'kunena kuti mwina anyamatawo akanawerenga liwu lija akanawapatsa udindo.

Mu 1998, mbiri ya ndalama itamveka mpaka mu komboni, mayi anatenga pepalalo kupita nalo ku ofesi ina m'tawuni. Sankafuna za omenyera ufulu, ankangofuna kudziwa ngati pali kanthu ka okalamba a nkhondo yakale, komanso ngati liwu lija lingaunikidwenso. Kalaliki anafunsa m'Chishona kuti ndi nkhondo iti. Atamva kuti ya ku Burma, anapempha chiphaso cha mwini pepala. Chiphasocho chinali ndi chilembo A, chosonyeza mlendo. Anawabwezera zonse ziwiri mwaulemu n'kuwauza kuti akayese kwawo. Mayi anabadwira pa pulazi yomweyo. Patapita zaka zitatu, lamulo la unzika la mu 2001 linachotsa ana ambiri a machona m'kaundula wa nzika pokhapokha atakana unzika wa maiko omwe ena sanawapondepo, ndipo zinatenga malamulo aakulu a dziko a mu 2013 kuti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC abwezeredwe. Agogo sanafike kumeneko. Anamwalira mu 2003, pulazi italandidwa, akukhala m'nyumba yomweyo mwachisomo cha mwini watsopano.

Lamulo la mu 2020 la Veterans of the Liberation Struggle linakulitsa khomo, n'kulowetsa amujibha ndi achimbwido, anyamata ndi atsikana amene ankanyamula uthenga ndi chakudya, ndipo mu 2022 kunachitika kusefa kwakukulu. Ndi chinthu chabwino, chochedwa. Koma kusefa kotere kumadalira mboni, anthu a kudera amene angati inde, uyu tinkamuona. Mudzi wa kumidzi ukadalipo pomwe unali mu 1978. Komboni kulibe. Anthu ake anabalalika pambuyo pa 2000, ena ku Epworth, ena m'migodi ya golide, ena ngati ife kuwoloka Zambezi kubwerera kwawo kwa makolo. Ana a Anyasa amene anaphikira anyamata nsima usiku m'mapulazi a Mashonaland, ndipo analipo, ali ndi vuto la agogo koma lotembenuzika: iwo anali ndi pepala lopanda woliwerenga, awa ali ndi nkhani yopanda woichitira umboni.

Mwina ndikumupempha Stapleton zimene nkhokwe za zikalata sizingapereke. Munthu sangatchule zomwe sanazipeze, ndipo iye ndi wolemba wosamala, wosakonda kudumpha pomwe umboni wathera. Chodandaula changa chenicheni chili pa mutu wa bukulo, pa mawu akuti Colonial Zimbabwe. Malire a dziko la lero aikidwa pa anthu amene moyo wawo unkayenda mu msewu wa Mtoko ndi Tete, ndipo amene anatulukira mbali ina ya malirewo, kapena amene anamira mkati mwake ngati alendo, amachoka m'nkhani nthawi yomwe nkhani yawo yafika pokoma. Amene anaonetsa mu 2006 kuti gulu la Rhodesia linali lodzaza ndi alendo ndiye anali woyenera kuposa wina aliyense kuwatsata mpaka kumapeto. Zoë Groves, m'buku lake la mu 2020 lokamba za machona a ku Malawi ku Zimbabwe, waonetsa kuti kutsata anthu kudutsa malire n'kotheka, ngakhale iye maso ake ali kwambiri pa tawuni ya Salisbury. Buku la msilikali wa mu komboni silinalembedwe, ndipo ngati lidzalembedwe, gwero lake lalikulu silidzakhala ku nkhokwe ya boma ku Harare. Lidzakhala m'zitini za mabisiketi, ndi m'Chichewa chosakanizika ndi Chishona cha adzukulu amene anamva nkhanizi pakhonde. Anthu amenewo mabuku a Stapleton sadzawaona, chifukwa ndi a Chingerezi cha kuyunivesite ndipo mtengo wake ndi wa kutsidya kwa nyanja.

Kachitini kaja kali ndi ine tsopano ku Blantyre. Chaka chatha ndinamasulira pepala lonse m'Chichewa kuti azibale anga a ku Ntcheu, amene agogo sanawaonenso chichokereni ku maliro aja, amve zomwe lili nazo. Dzina, nambala, masiku, zonse zinayenda bwino. Pa mzere wa khalidwe ndinayesa "wosalabadira", ndinayesa "wapakatikati", ndinayesa "wosakhutiritsa", ndipo pomaliza ndinalemba lachitatuli chifukwa ndilo limene mkulu uja ankatanthauza, ndipo womasulira salipidwa kuti akometse. Malume anga aakulu atamva anafunsa kuti, "Wosakhutiritsa ndani?" Ndinawauza kuti pepalalo silikunena. Analitenga loyambiriralo, analiyang'ana mozondotsa, n'kundifunsa ngati n'zoona kuti ku Burma kumagwa mvula miyezi isanu osakata.